Kuyeza PEP ndi LVET munthu akupalasa njinga

Amene mukuyeza nthawi ya kagundidwe ka mtima munthu ali pa masewera olimbitsa thupi, ECG (chipangizo chojambula magetsi a mtima) yokha siikwanira. Iyo imangoonetsa pamene magetsi a zipinda za m'munsi za mtima ayambira, pa malo a mzere wake otchedwa Q. Kuti mudziwe pamene valavu ya aorta (mtsempha waukulu wotulutsa magazi mu mtima) yatseguka pamafunika chida china, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito impedance cardiography, njira imene Kubicek ndi anzake anaikonza m'zaka za m'ma 1960 mothandizidwa ndi NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga. Mumamata maelekitirodi m'khosi ndi m'munsi mwa chifuwa, makina n'kudutsitsa kamagetsi kochepa zedi kamene munthu sakamva n'komwe, n'kujambula mzere woonetsa mmene chifuwa chikukanira magetsiwo pa kugunda kulikonse.

PEP (pre-ejection period) ndi nthawi yochokera pa Q kukafika pa B, malo a pa mzere wa impedance pomwe valavuyo yatseguka. LVET (left ventricular ejection time) ndi nthawi yochokera pa B kufikira valavuyo itatsekanso. Munthu akangokhala phee, PEP imakhala pafupifupi 100 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi), LVET pafupifupi 300 ms, ndipo akayamba kupalasa zonse ziwiri zimafupika. Jambulani pa 1000 Hz, kutanthauza timadontho 1000 pa sekondi. Pa 250 Hz kadontho kalikonse ndi 4 ms, zomwe n'zochuluka pamene kusintha kumene mukusaka kuli kwa 10 kapena 20 ms chabe.

Chovuta kwenikweni ndi B. Thukuta limamatula maelekitirodi, kupuma mwawefuwefu kumakweza ndi kutsitsa mzere wonse, B n'kusowa. Metani ubweya wa pachifuwa, pukutani khungu ndi sipiriti, mawaya muwamate ndi pulasitala kuti asalendewere. Phatikizani kugunda kwa masekondi 30 mpaka 60 kuti mupeze avareji yake, mutachotsamo kaye kugunda kosokonekera. B muziitsimikiza ndi maso anu, pakuti kompyuta imaiphonya kawirikawiri, makamaka mtima ukathamanga kwambiri. Njinga imaposa treadmill (makina othamangirapo) chifukwa chifuwa sichidumphadumpha. Ndipo LVET ya anthu awiri musaiyerekeze musanaikonze malinga ndi liwiro la mtima wa aliyense.