Zikomo nonse, nkhalango yanga yabodza ija yatha

Abale anga ndakhala chete miyezi yambiri mpaka ena munayamba kundifunsa ngati ndili moyo kkkk, ndilipo ndithu. Lachisanu lapitali usiku ndinatumiza chithunzi chomaliza cha kaganyu kaja ndinkangokuuzani mwapatalipatali kaja, ndipo dzulo eni ntchitoyo andiyankha kuti zonse azilandira, palibenso chobweza. Uthengawo ndinauwerenga katatu kenako ndinangotuluka panja kukaima kuseri kwa khitchini kuyang'ana phiri la Mulanje ngati munthu wozungulira mutu.

Ntchitoyi amaitchula kuti concept art. Kwa amene simukuidziwa, filimu ya dziko longopeka isanajambulidwe pamafunika munthu woti ayambe waliona dzikolo m'mutu mwake nkuliika papepala, mitengo yake ndi yotani, udzu, mapiri, dzuwa limagwa bwanji pamiyala. Zithunzi zangazo mufilimumo simudzaziona ayi, zimapita kwa anzathu a 3D amene amaumba zinthuzo pa kompyuta. Ine gawo langa linali zomera ndi malo. Dzina la filimu musandifunse, ndinasainira pepala loti ndisaulule kanthu mpaka itatuluka, olo mayi anga sakulidziwa ndipo akudandaula tsiku ndi tsiku.

Ambiri mukudziwa kuti mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatipeza. Nyumba yathu mbali ya ku Muloza inagwa khoma limodzi matope nkulowa, mabuku anga onse ojambulamo kuyambira ndili Fomu 2 anasanduka phala. Sindikuyerekeza mapepala ndi anthu amene tinawataya masiku amenewo, ayi, enanso mpaka lero sanapezeke. Koma dzanja langa linafa. Pafupifupi chaka chathunthu pensulo sindinaigwire, ndinkangothandiza amalume kugulitsa mu okala yawo. Amalume omwewo, amene kale ankati kujambula ndi ntchito ya ana a sukulu ya mkaka, tsiku lina anangondiponyera hadikava yatsopano pakauntala nkuti "m'malo mojambula pa makatoni a sopo anga jambula umu". Amalume zikomo, ndipo pepani makatoni aja.

Nditapeza ganyuyu kudzera pa zithunzi zimene ndinkaika pa Instagram, ndinadziona ngati ndafika. Sabata yoyamba ndinajambula mitengo yowala usiku, ya pepo, nthambi zopotanapotana, zomwe zija aliyense amajambula akamva mawu oti matsenga. Abwana oyang'anira zojambula anangoyankha mizere iwiri, kuti mtengowu ndi wokongola koma sakuukhulupirira, umamwa kuti madzi ndipo zipatso zake amadya ndani. Ndinapsa mtima zedi, mtengo wabodza umwenso madzi? Madzulo ake ndinawaonetsa agogo pafoni ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Anaitalikitsa foniyo, kuiyandikitsa, kuipendeketsa, kenako anati "iwe, mutu waukulu chonchi pathanthwe, mizu ili kuti? Chiperoni ikangowomba kamodzi wagona uwu". Agogo amene filimu yokhayo anaonerapo ndi ya Yesu ya kutchalitchi ananena zomwezomwe ananena munthu wa kunja uja. Ndinagona osadya bwino.

Apa mpamene ndikufuna kuthokoza kwambiri achimwene ena operekeza alendo kuphiri a pa Likhubula, dzina sinditchula chifukwa sakonda zoonekera. Ndinawafotokozera vuto langa ndipo anandikweza masiku atatu, kudzera ku Chambe mpaka ku Lichenya, ndalama anangolandira ya ufa ndi usipa basi. Ine ndabadwira pansi pa phiri limeneli koma ndinazindikira kuti ndinkangoliona ngati khoma la kuseri kwa nyumba. Iwo amaima paliponse nkuti taona, mbali iyi yomenyedwa ndi mphepo mitengo ndi yaifupi yopindikira kumodzi, koma tsika pang'ono m'khwawa umu mwabisala umu uone mmene yatalikira. Anandionetsa ndere zija zimalendewera munthambi ngati ndevu za nkhalamba, anati ndizigwire m'mawa, zinali zonyowa chonsecho mvula sinagwe, zinamwa nkhungu. Anandionetsa tizomera tomera pamwala penipeni popanda dothi, tsinde lake lakuda ndi moto wa chaka chatha koma kumutu kukuphuka. Anandionetsanso zitsa za mkungudza, umene ena timangoti sida, ndinanunkhiza chitsa chodulidwa kalekale fungo likadalimo. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha padziko lonse, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma lero kuti upeze waukulu uli chiimire ndi nkhani ina. Zinandikhudza kuti ine ndikulipidwa kupeka mitengo yabodza pomwe weniweni ukutha tikuona.

Nditatsika ndinayambiranso. Poyamba tizithunzi ting'onoting'ono ngati bokosi la machesi, takuda tokhatokha, tambirimbiri patsamba limodzi, chifukwa mtengo ukapanda kudziwika ndi mthunzi wake wokha ndiye kuti olo uupake mitundu yanji sungathandize. Kenako wakuda, wotuwa ndi woyera kuti tione chili pafupi ndi chili kutali, mitundu imabwera kumapeto kwenikweni. Mtengo umene anaukonda ndi uwu: sumwa pansi, umamwa nkhungu. Nthambi zake zili ndi ndevu zazitali ngati ukonde, madzi amadontha kutsetsereka mpaka mu kabeseni kamene kali pamphanda ya thunthu, mizu yake siilowa pansi koma imagwira m'ming'alu ya mwala ngati zala za munthu wokwera. Ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati wa mlombwa, chipatso chake ndinabera mamba a chinanazi cha kwathu konkuno, ndipo kuti nyama zisamathyole chisanapse ndinachipatsa ubweya wa chitedze. Amene munayabwidwapo ndi chitedze mukudziwa kuti pamenepo sipafunikanso matsenga ena kkkk. Ndiye sikuti umajambula kamodzi nkuthana nazo ayi, amafuna kutsogolo, m'mbali, pamwamba, njere yake, mbande yake, wokalamba, wouma, khungwa pafupi penipeni, ndi kamunthu kataima pambali kuti aone kutalika. Mtengo umodzi womwewo anandibwezera kasanu ndi kawiri.

Za malo sindinena zambiri. Mizere ya tiyi ija timaiona tili mu minibasi podutsa ku Thyolo inandipatsa zigwa za dziko lawolo, ndinangoikweza kukhala masitepe. Chovuta chinali chigwa china chimene nkhani yake imati kunadutsa chilombo. Ndinadziwa pompo kuti ndikujambula zipsera zimene Freddy anasiya paphiri, mizere yofiira ija ndi miyala yaikulu ngati nyumba itakhala pakati pa munda wa munthu. Agogo amati anadutsa Napolo, ngati mmene anachitira ku Phalombe mu 1991. Chithunzi chimenecho ndinachijambula masiku anayi ndikusiyasiya, ndipo ndi chokhacho chimene sanabweze olo kamodzi.

Kutatsala masabata awiri kuti nthawi yawo ikwane, magetsi anazima nkubwera mwamphamvu laputopu ili pachaja, kunangomveka kafungo ka waya basi yazima. Mafayilo ambiri ndinali ndisanasunge kwina, uchitsiru wanga womwe, musanditsanzire. Mnyamata wokonza mafoni pa Chitakale anaitsegula ndi kasikuludiraiva kake ine thukuta lili kamukamu, anachotsa hadi disiki nkuilumikiza ku kompyuta yake, mafoda onse anatuluka. Ndinafuna kumugwadira pamaso pa makasitomala. Aphunzitsi ena a pasekondale ya kufupi ndi kwathu anandibwereka laputopu yawo usiku wokhawokha, ndinkakaitenga akaweruka nkukaibweza 6 koloko m'mawa isanafunike kusukulu, ndinaikamo pulogalamu yojambulira ya Krita chifukwa ndi yaulere komanso siilemera kwambiri. Aphunzitsi, ulemu wanu. Achimwene a pa babashopu amene munandilola kukhala pakona kuchajira pa sola yanu tsitsi la anthu likundigwera pa tabuleti, zikomo. Ndi inu akabaza amene munandidikira paboma mpaka usiku fayilo ikukwawa pa 80 peresenti netiweki ikubwera nkuthawa, osandiwonjezera mtengo, Mulungu akudalitseni. Mchemwali wanga amene unkandigulira bandulo pa ndalama yako ya mandasi osauza alamu, pano adziwa basi, pepa.

Mayi anga sindikudziwa ndiyambire pati. Anthu ankawauza kuti mwana wanu wamkulumkulu akungokhalira kujambula maluwa m'nyumba anzake akuthyola tiyi, iwo ankangoti musiyeni ali pantchito, chonsecho iwonso sankamvetsa kuti ndi ntchito yanji. Phala linkandipeza patebulo 5 koloko m'mawa ndisanagone.

Ndalama yoyamba yalowa, si yambiri ngati mmene ena mwayambira kuwerengera kkkk, ngongole zilipo. Koma malata a nyumba ya agogo ndagula kale, ndipo ndalankhula ndi amayi ena osamalira nazale kuti mvula ikayamba ndidzatenge mbande za mkungudza tikabzale ndi achimwene aja kumtunda. Phirili mu 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, alendo azibwera, asamadzangopeza zitsa.

Ana a kuno amene mwakhala mukunditumizira zojambula zanu, ndaziona zonse ngakhale sindinayankhe. Loweruka likubwerali 8 koloko tikumane pa Likhubula tiyende mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, tenga pensulo ndi kope lililonse olo la masamu, foni usadalire, tikajambula tsamba limodzi lokha mpaka litatikwana. Uuze makolo kaye.

Agogo ndawasindikizira mtengo uja pa pepala lalikulu ku boma, aupachika pafupi ndi kalendala ya mpingo. M'mawa uno ndawapeza ataima pamenepo ndi kapu ya tiyi, akuti tsopano ukhoza kupirira Chiperoni, koma muzu wa kumanzerewu ukanauwonjezera pang'ono.