Nkhani Inafika Filimu Isanayambe

Ntchito yanga ndi kutola nkhani pa kawailesi kena kuno ku Zomba, koma Loweruka lililonse ndimaphunzitsa achinyamata ofuna utolankhani mu holo ya tchalitchi china ku Chinamwali. Mwezi umenewo tinali pa mutu wa kupeka nkhani, ndiye ndinaganiza zowaonetsa Shattered Glass, filimu ya mu 2003 yonena za Stephen Glass, mnyamata amene ankalembera magazini ya The New Republic ku America. Atamugwira mu 1998, eni magaziniyo anafufuza nkhani zake 41 n'kupeza kuti 27 zinali ndi zopeka, zina pang'ono, zina kuyambira pamutu mpaka pomaliza.

Kukonzekera ndinakonzekera ndithu. Pulojekita yobwereka, chingwe cha HDMI, sipika, ekisitenshoni ya mamita 10, bedishiti yoyera ya mayi akunyumba yopanidwa ndi mapegi pa waya, ndi kajenereta ka alamu anga poopa kuti magetsi angathime. Chimodzi chokha sindinachite: kuyiliza jeneretayo dzuwa likadalipo.

Ndiye panali vuto la nthawi. Filimu inayenera kuyamba 6 koloko, nkhani za pa wailesi ndi 7 koloko, ndipo akonzi amafuna zolemba zonse zikhale pa tebulo pawo 5 koloko isanakwane. Anandiimbira masana. "Achimwene, za filimu yanuyo mutipatseko ndime zitatu, lero kwauma."

Kulemberatu nkhani si mlandu, aliyense pa ntchitoyi amatero. Umalemba mafupa okhaokha: malo, tsiku, cholinga, amene wakonza. Pamene payenera kukhala chiwerengero cha anthu umaika XX, pa mawu a munthu umasiya mpata, ndipo pamwamba umalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MUSAULUTSE. Ine ma XX aja anandinyansa m'maso. Ndinati ndingoikapo zoyerekeza, ndikonza pa foni filimu ikayamba. Ndinalemba kuti anthu oposa 80 anadzaza holo, ena n'kumasuzumira pawindo. Ndinaikamo mayi wina wogulitsa matemba mumsika wa Zomba amene analira filimu itatha, n'kunena kuti bodza la mtolankhani limawawa kuposa ngongole. Chiganizo chimenecho chinandikomera mpaka ndinachiwerenga kawiri mokweza. MUSAULUTSE uja ndinaiwala.

Cha m'ma 5:30 mtambo unatsika phiri la Zomba monga umachitira ukafuna kuwononga zolinga za anthu. Mvula inayamba, magetsi thi! Ofika anali ophunzira asanu ndi anayi, alonda a patchalitchipo, ndi ine.

Jenereta inakana. Kwa amene sanalimbanepo nayo: petulo akakhalitsa m'thanki miyezi ingapo amasiya utomoni wotseka kabowo ka mu kabuleta, ndiye injini imangotsokomola osadzuka. Zikatero umayenera kukhetsa mafuta akalewo pa kabawuti kapansi pa kabuleta n'kuthira atsopano. Ine ndinangotseka choki n'kumakoka chingwe ngati ndikulimbana ndi mbuzi yokana kulowa m'khola, mpaka pulagi inanyowa ndi mafuta. Pokoka ka 20 kapena kuposa, chingwe chinaduka, ine chagada m'matope a pakhonde. Foni yanga, imene inkagwira ntchito ya tochi nthawi yonseyi, inazima pomwepo. Namba ya akonzi ili m'foni momwemo, m'mutu mwanga mulibe.

Mphunzitsi sagonja pamaso pa ana. Ndinawakhazika pa mabenchi mumdima wa ndiweyani n'kuyamba kuwasimbira filimuyo pakamwa, ndipo ndinganene kuti ndinasimba bwino kwambiri.

Ndinawauza za nkhani imene inamugwetsa Glass, ya mnyamata wa zaka 15 amene akuti anathyola makompyuta a kampani ya Jukt Micronics, kampaniyo n'kumulemba ntchito m'malo momumangitsa. Adam Penenberg, mtolankhani wa ku kampani ina yofalitsa nkhani ya Forbes, anafuna kuitsatira nkhaniyo, koma posakasaka anapeza kuti kampaniyo kulibe. Glass sanagonje msanga. Anapanga webusaiti yabodza ya kampaniyo, anakonza namba ya foni yongosiyapo uthenga, ndipo m'bale wake weniweni ndi amene ankaimba foni ngati bwana wa kampani. Chimene chinamusunga nthawi yaitali n'chakuti otsimikiza nkhani pa magaziniyo, pa zinthu zimene sakanazipeza kwina, ankadalira kope la mtolankhani yemweyo, ndipo kopelo ankalipekanso yekha. Mkonzi wake, Charles Lane, anachita chinthu chosavuta: anamutenga pa galimoto kupita ku tawuni ya Bethesda, kufupi ndi Washington, kuti amuonetse nyumba imene munachitikira msonkhano wa m'nkhaniyo. Zinapezeka kuti nyumbayo Lamlungu imakhala yotseka, pomwe msonkhanowo akuti unali Lamlungu.

"Ndiye njira yake ndi imeneyo," ndinatero, ndikumenya benchi. "Funsani dzina lonse la wolankhula ndi namba yake, muimbe nokha. Pitani pamalopo. Funsani munthu wa makiyi, chifukwa wa makiyi sanama za chitseko. Chiwerengero chilichonse, funsani amene anawerenga. Kope lokha musalikhulupirire."

Nthawi yomweyo alonda aja anatulutsa kawailesi kawo ka mabatire m'thumba la jasi. "Pepani aphunzitsi, nkhani za 7 sindiphonya."

Yanga inali yachitatu. Wowerenga nkhani tsikulo anali mtsikana wa mawu omveka bwino, ndipo anaiwerenga mwaulemu wake wonse: anthu oposa 80, osuzumira pawindo, mayi wa matemba ndi misozi yake. Pomaliza anatchula dzina langa lonse, mosaphonya ngakhale chilembo.

Mu holo munangoti zii. Kunkamveka madzi odontha kuchokera padenga kugwera m'chidebe.

Woyamba kulankhula anali alonda. "Aphunzitsi, anthu 80 amenewa alowera khomo liti? Makiyitu ali ndi ine."

Kenako mtsikana wina wa ku Matawale, amene mwezi wonse sanatsegulepo pakamwa, anayatsa tochi ya foni yake n'kuyamba kuwerenga mitu. Anapeza 11, n'kufunsa ngati galu wa pakhonde amuphatikizepo. Mnzake anapempha namba ya mayi wa matemba, akuti aimbe yekha monga ndinaphunzitsira. Wachitatu anapempha kope langa. Ndinampatsa, ndikanatani? Pa tsamba la tsikulo panalembedwa kuti: mapegi, HDMI, kubweza bedishiti isanade.

Ndinayesa kunena kuti anali mayeso, kuti ndinachita dala pofuna kuona ngati akumvetsera. Mnyamata wa kope uja anandiyang'ana mwachisoni n'kundikumbutsa kuti ndangomaliza kuwauza kuti Glass naye atapanikizidwa ankaphimba bodza ndi bodza linzake. Thukuta linandituluka kukuzizira.

Akonzi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangondiuza kuti chikonzero ndilembe ndekha ndipo ndichiwerenge ndekha pa nkhani za 7 koloko zomwezo, chifukwa chikonzero chimayenera kumveka pamene panamvekera cholakwacho, osati usiku anthu atagona. Anachibweza kawiri. Poyamba ndinalemba kuti "panali kusamvetsetsana pa chiwerengero", iwo anafufuta n'kulemba kuti "filimu sinaonetsedwe". Kachiwiri ndinalemba kuti "mayi amene tinamutchula sanapezeke", iwo anafufuta n'kulemba kuti "mayiyo kulibe". Anandilandanso nkhani za khonsolo kwa mwezi wathunthu, n'kundipatsa za mitengo ya zinthu mumsika, kuti phindu la tomato ndi nyemba ndikalione ndi maso.

Loweruka lotsatira tinaionetsa filimu ija. Jenereta ndinaiyesa m'mawa, petulo watsopano, chingwe chatsopano, koma magetsi sanathime n'komwe. Anthu anabwera ambiri ndithu, poti mbiri inali itafika mpaka ku Songani, ndipo mtsikana wa ku Matawale anaima pakhomo ndi cholembera, akudula kamzere munthu aliyense akalowa. Ndinamufunsa kuti tafika angati, anati andiuza akatsimikiza.

Titatsala pang'ono kuzimitsa nyale, analowa mayi wina wonenepa bwino, chitenje chili m'chiuno, fungo la matemba a ku Chilwa likumutsogolera. Anandipeza ndikulumikiza sipika.

"Aphunzitsi ake ndinu? Kumsika anzanga onse akuti mayi munamunena pa wailesi uja ndine, poti wolira msanga ndine. Ndiye ndabwera ndidzaone chimene chinandilizacho. Ndikhale pati?"