Lachitatu, tsiku la ziwengo za azakhali

Azakhali agogoda kusanache, akuti usiku wonse sanagone ndi kuyabwa. Ziwengo zawozi n'zosamvetsetseka: m'mawa zatupa pamkono, masana zazimiririka osasiya chipsera, madzulo zatulukira pantchafu. Papita miyezi zikuchita chonchi. Kapenta adasiya, mazira adasiya, nkhumba adasiya, mpaka sopo adasintha, koma ayi ndithu. Popeza ine ndine "namwino wa pabanja pano", ngakhale sukuluyo sindinamalize, ntchito yowaperekeza yagwera ine. Takwera njinga zakabaza kupita kuchipatala kuchokera ku Kapata dzuwa lisanayambe ukali wake wa Okutobala.

Atafunsidwa ndi adokotala zomwe akhala akumwa, azakhali amasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa timapiritsi toyera ta prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa pofooketsa chitetezo cha m'thupi. Amagula pakasitolo kena, ndipo amamwa pafupifupi tsiku lililonse. Adokotala awayang'ana nkhope nthawi yaitali. Kunyumba tonse timati azakhali akunenepa bwino, kumasaya kwadzaza. Si kunenepa kumeneko, ndi mapiritsiwo. BP nayo yapezeka yokwera.

Zomwe afotokoza adokotala ndazilemba pafoni kuti ndikazifananitse ndi zam'kalasi. Pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo muli maselo otchedwa mast cells, omwe Paul Ehrlich wa ku Germany adawafotokoza mu 1878. Ali ngati alonda okhala pachipata atanyamula timatumba todzaza histamine, chinthu chomwe chimayambitsa kutupa ndi kuyabwa. Pa munthu amene thupi lake limadana ndi mbola ya njuchi kapena mtedza, chinthucho chikangokhudza ma antibody a IgE, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi omwe amamatirira pa maselowa, timatumbato timakhuthuka m'mphindi zochepa. Mitsempha ya magazi imatanuka, madzi amadontha kulowa m'mnofu, khungu n'kutupa n'kuyamba kuyabwa. Koma ziwengo zobwerabwera zopitirira masabata 6, ngati za azakhali, nthawi zambiri sizichokera ku chakudya. Ndi thupi lomwelo limene limaputa alonda ake. Apa azakhali andiyang'ana ndi diso lija loti "ndiye kapenta wanga ndinamusiyiranji?"

Chandikhalitsa pansi lero ndi ichi. Prednisolone amafooketsadi chitetezo cha m'thupi, koma pa mast cell ya munthu satseka msanga pakamwa pa timatumba tija. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, m'maola: amachepetsa mauthenga omwe maselo amatumizirana poitana anzawo kudzakulitsa kutupa, ndipo akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amachepetsa chiwerengero cha ma mast cell. N'chifukwa chake munthu woti njuchi zamuluma, khosi likutsekeka, chomupulumutsa ndi jekeseni wa adrenaline, osati piritsi limeneli. Mtengo wake womwa miyezimiyezi ndi wowawa: shuga, BP, mafupa ofooka, komanso chipata chotsekukira TB, yomwe kuno kwathu siifunika kuitanidwa kawiri.

Alipo mankhwala ena ofooketsa chitetezo amene amafikadi pa mast cell penipeni, ciclosporin ndi tacrolimus. Amatsekereza enzyme (puloteni yoyendetsa ntchito zina m'thupi) yotchedwa calcineurin m'kati mwa selo, ndipo poyesa pa maselo a anthu mu labotale, histamine wotuluka amachepa. Onsewa adachokera m'dothi: ciclosporin ku nkhungu, tacrolimus ku bakiteriya yemwe adapezeka ku Japan mu 1984. Ntchito yawo yodziwika ndi yoteteza impso kapena chiwindi chomwe munthu waikidwa kuti thupi lisachikane.

"Nanga bwanji osangondipatsa amenewo, adokotala, ndipumule?"

Adokotala aseka. "Mayi, amenewo timawaganizira zina zonse zikakanika. Amavulaza impso, amakweza BP, ndiye yanuyi yakwera kale."

Awalembera cetirizine, kumwa tsiku ndi tsiku osadikira kuti kuyabwa kuyambe. Ameneyu saletsa mast cell kukhuthula, amangotseka malo omwe histamine amakafikira. Akapanda kukwanira, adokotala angathe kuwonjezera mlingo mpaka kanayi. Prednisolone asamusiye lero lomwe, achepetse pang'onopang'ono monga awalembera, chifukwa tiziwalo ta pamwamba pa impso tomwe timapanga cortisol, mankhwala achilengedwe a m'thupi ofanana ndi prednisolone, timachita ulesi munthu akamwa mapiritsiwa nthawi yaitali. Kusiya mwadzidzidzi kumagwetsa munthu. Awatumizanso kukayezetsa shuga, ndipo awafunsa ngati akutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku. Ayi, palibe.

Pobwerera tatsika pamsika, ndipo azakhali andikumbutsa za chitedze chomwe chidatizunza kumudzi ku Katete, timapiritsi ta Piriton, totsekereza histamine ngati cetirizine, osathandiza kwenikweni. Chimenecho ndachidziwa yankho lake: kuyabwa kwa chitedze sikudalira histamine, ubweya wake uli ndi enzyme yakeyake, mucunain, yomwe imaputa mwachindunji mitsempha ya pakhungu yomwe timamvera kuyabwa. Sanasangalale nawo mayankho anga. Amafuna ndiwathandize kusankha tomato.

Madzulo magetsi azima, taphika pambaula. Amalume atamva nkhani yonse afunsa funso limodzi lokha, ngati ndalama zomwe zinkapita ku sopo wodula uja zitha kubwerera ku ndiwo. Azakhali adya kapenta ndi nsima mitanda iwiri, n'kunditumanso kuti ndiwalembere pakalendala masiku ochepetsera mapiritsi, ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa magalasi adawataya. Tibwereranso kuchipatala Lachinayi la sabata yamawa kukaonetsa BP.