Chiwongolero chikamanjenjemera, yambani mwaona chasisi

Galimoto zapamwamba zoyambirira, monga Rolls-Royce Silver Ghost ya 1906, zinkakhala pa chasisi (chimango chachitsulo chonyamula galimoto yonse) yooneka ngati makwerero: zitsulo ziwiri zazitali ndi zina zopingasa. Chasisi yotereyi imanyamula katundu bwino koma imapotoka mosavuta. Tayala limodzi likakwera pa mwala, mbali imodzi imakwera inzake n'kutsala, ndipo malipeti amayamba kusewera m'mabowo. Henry Royce, mmodzi mwa amene anayambitsa Rolls-Royce, anakana malipeti. Ankagwiritsa ntchito mabawuti osongoka pang'ono, olowa mothina m'mabowo osalazidwa bwino, oti akakhwepa mungowamanganso.

Kupotokako sikunkadetsa nkhawa kwenikweni matayala ali opyapyala ndiponso mabuleki ali kumbuyo kokha. Zinthu zinasintha m'ma 1920. Hispano-Suiza H6 ya 1919 inabwera ndi mabuleki pa matayala onse anayi, Rolls-Royce n'kutengera njirayo mu 1924, ndipo matayala onenepa a mpweya wochepa anafala nthawi yomweyo. Ekiselo yakutsogolo inalemera. Poti inali chitsulo chimodzi chogwira matayala onse awiri, tayala lina likadumpha ekiselo yonse inkapendekeka, ndipo tayala lozungulira mwaliwiro likapendekeka limadzikhotetsa lokha. Kugwedezeka kunkachoka kumanja kupita kumanzere n'kubwereranso, chasisi yofewa ikuthandizira, mpaka chiwongolero kumenya m'manja mwa dalaivala. Buleki nayo inkapota masipuling'i, kupendekeka kwa kingpin (chitsulo chimene tayala lakutsogolo limakhoterapo) n'kusintha galimoto ili pa liwiro.

Mankhwala oyamba anali zitsulo zopingasana ngati X pakati pa chasisi, zimene Cord L-29 inali nazo mu 1929. X imatenga mphamvu yopota n'kuisandutsa yopinda, ndipo chitsulo chimapirira kupinda kuposa kupota. Achiwiri anali kulekanitsa matayala akutsogolo kuti lililonse lizidumpha palokha. Lancia Lambda inachita zimenezi mu 1922, koma amene anazimvetsa bwino ndi injiniya Maurice Olley, yemwe anachoka ku Rolls-Royce kupita ku Cadillac mu 1930. Kwa ine apa m'pamene pagona nkhani: masipuling'i ofewa amafuna chasisi yolimba, apo ayi chasisiyo ndi imene imasanduka sipuling'i.

Ma Land Cruiser a ekiselo imodzi kutsogolo amene amafika m'magalaja a ku Biwi ali ndi matenda omwewa, ndipo ambiri timathamangira kusintha dampa ya chiwongolero (kachipangizo kochepetsa kugwedezeka), yomwe imangobisa vuto. Imikani galimoto pamalo osalala. Pimani chasisi modutsana, kuchoka pa bowo lakutsogolo kumanja kufika lakumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikasiyana, chasisi inapindika. Fufuzani ming'alu pomwe bokosi la chiwongolero limamangidwa. Kwezani tayala, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza: likasewera, ndi ma bearing a kingpin kapena a tayala. Ligwireni m'mbali: likasewera, ndi ma tie-rod end, mfundo za kumapeto kwa zitsulo zimene zimakhotetsa matayala. Mng'alu wa pa chasisi muubowole kumapeto kaye musanawotcherere, ndipo chigamba chikhale chosongoka kunsonga, chifukwa cha makona anayi chimayambitsa mng'alu wina m'mphepete mwake.