Phula lagwira tsopano pa lipiko langa

Lero m'mawa ndavundukula nsalu pa lipiko, chigoba cha gule wa Amakonde chomwe ndikusema, ndipo mizere yonse ya phula ili m'malo mwake, pachipumi ndi m'masaya momwe. Masiku 9 ndakhala ndikulimbana nalo phula limeneli!

Kugoba mkati sikunandivute kwenikweni. Ndinasankha njale chifukwa ndi wopepuka, sompho amangolowa ngati ukusema chinangwa. Paja lipiko la Amakonde a ku Mueda, kumpoto kwa Mozambique, limavalidwa pamutu ngati chisoti, litapendekekera kumbuyo, wovina atafunditsidwa thupi lonse, ndiye likalemera khosi silingapirire ng'oma zothamanga zija. Amene munazolowera phingo, chepetsani mphamvu padzanja, mungaboole khutu.

Koma mphini za pankhope, zomwe eni ake amati dinembo ndipo pachigoba zimaumbidwa ndi phula, ndi zimene zinandisowetsa tulo. Ndimapota phula ngati ulusi, n'kumata, n'kukanikiza ndi nsonga ya mpeni yofunda. Kukacha ndimapeza tizidutswa tili mbwee pamkeka. Ndinayamba kukayikira phulalo, mpaka ndinabwerera kwa agogo ena oweta njuchi kuphiri kuno amene ndimagulako nthawi zonse. Phula lawo ndi loyera bwino, losasakaniza ndi kandulo ngati lija ndinagula pamsika chaka chatha. Iwo anangogwira chigobacho, n'kununkhiza, n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, wapaka mafuta kale?" Zoona, ndinali nditapaka, pofuna kuti mtengo usang'aluke ndi dzuwa la Okutobala. Phula lingagwire bwanji pamafuta?

Ndinapala nkhope yonse ndi sandipepa, kenaka ndinatema timingalande tating'ono motsata mzere uliwonse. Phula ndinalisakaniza ndi makala opera kuti lide, n'kulilowetsa likadali lofunda. Lagwira nganganga.

Ili ndi lopachika pakhoma basi, silidzaona bwalo. Mapiko enieni amatuluka pa chinamwali, anyamata ndi atsikana akamabwerera kumudzi, ndipo ife okulira pafupi ndi dambwe tikudziwa kuti zotere sizoseweretsa. Bungwe la UNESCO linaika gule wa mapikoyu mu 2023 pamndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa mwachangu, ndipo nkhondo ya ku Cabo Delgado, chigawo chomwe kuli Mueda, yomwe inayamba mu 2017 yabalalitsa mabanja ambiri. Zimenezi zimandikhudza ndikamaligwira.

Kwatsala tsitsi, lomwe ndapempha kale kwa wometa, ndi mano osongola. Ndikufunanso kusema lipiko lachikazi lokhala ndi ndona, chokongoletsa cholowetsa pamlomo wobooledwa, mwina mvula isanagwe. Ndipo kukadzakhala bata, ndidzafika ndithu ku Mueda, ndikaone ndi maso anga likuvinidwa.