Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Nawonso bambo anapimidwa

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka amayi a ku Area 25 amene munati nanunso munamwapo mizu yowawa ija. Koma inu oti ndikuyalutsa banja pa Facebook, dziwani kuti mwini wake amawerenga ndisanatumize.

Tinalekezera paja alamu anga ananditchula chumba pamaso pa ankhoswe. Zaka zinadutsa ndikungozungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero a usiku, ndekhandekha, poti vuto ankati ndi langa.

Nditapita kukiliniki ina mtauni muno, adokotala anangoti, "Amuna anu ali kuti? Chaka chikatha popanda mimba timapima nonse awiri." Anati bungwe la WHO linapeza kuti padziko lonse munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vutoli, ndipo nthawi zambiri limakhalanso kwa mwamuna. Kuti bambo avomere kupita, imeneyo ndi nkhani ina.

Ine anandipanga HSG. Amathira mankhwala amadzi kudzera pakhomo la chiberekero n'kujambula, kuti aone ngati machubu ali otseguka, chifukwa matenda ngati chinzonono akapanda kuchizidwa amatseka njirazo. Zimapweteka kuposa msambo, ndisakunamizeni. Anga anali otseguka onse awiri.

Bambo anawapatsa kabotolo, atawauza kuti ayambe adziletsa masiku angapo. Zotsatira zitatuluka, adokotala anatseka chitseko. Mbewu zochepa kwambiri, ndipo zambiri sizimayenda. Bambo anagwira pepala lija, kulipinda, kulipindanso mpaka linasanduka kanthu kakang'ono m'manja. Muminibasi kuchoka kudepoti mpaka ku Kawale sanayankhule, ndalama kwa kondakitala ndinapereka ndine. Nsima sanaikhudze. Pakati pa usiku ndinamva, "Amayi, muli maso? Chonde kwathu asadziwe."

Mukundifunsa chifukwa chake sindinakawaponyere alamu pepalalo. Ndinafuna, eti! Koma ndinali nditalawa kale mmene dzina la chumba limawawira, ndiye ndikanalola bwanji kuti munthu wanga azitchedwa gojo pamaliro ndi pamaukwati? Ndinapitiriza kusenza dzinalo. Azakhali aja amene anadzandinong'oneza za fisi, ngati mukuwerenga, nkhani ija sindinaiwale.

Adokotala anatifotokozera za IVF, yokumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi kenako n'kubwezera m'chiberekero. Mwana woyamba wobadwa motero, Louise Brown, anabadwa mu 1978 ku England. Ilinso njira ya ICSI, yobaya mbewu imodzi yokha m'dzira, ndipo mbewu zabwino angathe kuziumitsa mu nayitrojeni wamadzi n'kuzisunga zaka. Atatchula Johannesburg ndi mtengo wake, tonse tinaseka, kuseka kwa munthu wosowa chonena.

Gawo lotsatira ndikuuzani za puloti yathu ija, ndi amene anakana kuti tigulitse.