Akuba amadziwa mwezi umene tili ndi ndalama

Aneba anga a ku Kapata, Mchini, Navutika, Magazine ndi inu akumudzi amene mumabwera mu tauni pa njinga m'mamawa, nkhaniyi ndi yanu. Ine ndimatumiza ndi kutapitsa ndalama za pafoni pa buti yanga pafupi ndi msika wa Kapata, kuno ku Chipata m'dziko la Zambia. Wokhala pawindo la buti amaona zambiri. Amadziwa amene wagulitsa soya, amene akusaka ndalama ya mwana wa kuboding'i, amene ali ndi maliro ku Chadiza. Amaonanso anthu akuberedwa dzuwa likuswa mtengo, akutumiza okha ndalama ndi manja awo kwa munthu amene sanamuonepo nkhope.

Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe n'chakuti akuba amenewa sabwera mwachisawawa. Amatsata chaka cha mlimi. Okutobala ndi Novembala ali pa mbewu ndi feteleza. Januwale ali pa makolo a ana asukulu. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti ali pa sikelo. Amadziwa nthawi imene m'thumba mwathu muli kanthu, komanso nthawi imene mtima uli m'mwamba moti sitingafunse kawiri.

Ndiyambe ndi za pafoni, popeza ndizo ndimagona nazo n'kudzuka nazo.

Uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" tonse tinaulandirapo. Ena amaseka kuti ndani angapusitsidwe ndi zimenezi. Koma wakubayo amautumiza kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo pa gulu lonselo sipalephera mmodzi amene analidi pafupi kulipira lendi kapena kutumizira m'bale wake. Ameneyo ndi amene akumufuna. Ngati mwalandira uthenga wotere pamene mukufunadi kutumiza, imbirani mwini ndalamayo pa nambala yake yakale imene mumaidziwa, mumve mawu ake.

Wina amakutumizirani uthenga wooneka ngati mwalandira ndalama, kenako n'kuimba akudandaula kuti walakwitsa nambala, inali ya mankhwala a mwana, chonde mum'bwezere. Taonani kumene uthengawo wachokera. Wa kampani umabwera ndi dzina la kampani pamwamba, pamene wabodza umachokera pa nambala wamba ngati yanu ndi yanga. Onani balansi musanachite chilichonse. Ngati ndalama yalowadi molakwika, muuzeni aimbe ku kampani yake, iwo ali ndi njira yawo yobwezera.

Koma amene amandiwawa mtima kwambiri ndi aja amafika pa buti foni ili kukhutu, munthu wakutsidyalo akulankhulabe. Nthawi zambiri ndi amayi achikulire kapena bambo wakumudzi amene wangogulitsa kumene zokolola. Awauza kuti akuimba kuchokera ku Airtel kapena ku MTN ndipo simu yawo itsekedwa lero, kapena kuti awina mphoto, kapena kuti dzina lawo latuluka pa thandizo la boma koma alipire kaye kandalama kolembetsera. Enanso awauza kuti mwana wawo wakomoka kusukulu, ali kuchipatala, adokotala akudikira ndalama. Ndipo onse amauzidwa mawu amodzimodzi: musadule foni, musauze wa pabuti chifukwa chake. Ndikaona zotere ndimanena kuti, "Amama, dulani kaye foniyo, tikambe." Ena amakwiya, amati ndikuwachedwetsa. Ndimapirira, chifukwa akangodula n'kuimbira mphunzitsi amene amamudziwa, amapeza mwana ali m'kalasi bwinobwino. Munthu amene akukuletsani kudula foni akuopa kuti mungafunse wina. Paja safunsa anadya phula.

PIN yanu si ya kampani, si ya boma, ndiponso si yanga ine wa pabuti. Palibe wantchito weniweni wa kampani ya mafoni amene angakufunseni PIN. Ambuya athu ambiri amandipatsa foni n'kutchula manambalawo mokweza, mzere wonse ukumva, ndipo kawirikawiri ndi chaka chimene anabadwa, chomwe chalembedwa pa reji yawo, chitupa cha unzika chija. Inu adzukulu, khalani nawo pansi muwasinthire, muwaphunzitse kudina okha. Sindibisa, pakati pa ife a mabuti palinso ena osakhulupirika. Werengani ndalama zanu musanachoke pawindo, ndipo dikirani uthenga ulowe. Reji yanunso musabwereke munthu kuti akalembetsere simu, ngakhale atakupatsani K20. Simu imeneyo ikakabera munthu ku Kitwe, dzina lotuluka ndi lanu.

Tsopano za mbewu, zimene kwa ine ndiko kuba koipitsitsa, chifukwa wakuba wa pafoni amakutengera za tsiku limodzi koma wa mbewu amakutengera chaka chathunthu.

Alamu anga kumudzi anagula mbewu ya chimanga kwa munthu amene anaimika galimoto pamsika wa pamsewu, mtengo wotsika ndithu kusiyana ndi wa m'sitolo. Thumba linali lokongola, mbewu yofiira bwino ngati yothiridwa mankhwala. Anabzala ndi mvula yoyamba, anathira feteleza wa pansi ndi wa pamwamba, anapalira kawiri. Kumera kunali kwa apa ndi apo, mapesi ena aatali ena aafupi, ndipo zisononkho zake zinali zomvetsa chisoni. Chinali chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto. Pamene ankazindikira, mvula inali itapita theka, feteleza atalowa m'nthaka, wogulitsa uja osaonekanso. Ana a nyumba imeneyo anadya za ganyu chaka chimenecho.

Mbewu yeniyeni m'dziko muno imayesedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe la SCCI la ku Mount Makulu ku Chilanga, ndipo wogulitsa mbewu ayenera kukhala ndi laisensi yochokera kumeneko. Muli ndi ufulu wopempha kuti muione. Pathumba pamakhala chizindikiro chosonyeza mtundu wa mbewu, nambala ya gulu limene inapakidwira ndi nthawi imene inayesedwa. Gulani m'sitolo imene idzakhalepo ndithu mwezi wa Febuluwale mukadzafuna kudandaula, osati pa galimoto imene mawa ili ku Sinda. Tengani lisiti, ndipo lisitilo ndi chizindikiro cha pathumba muzisunge mpaka mutakolola. Thumba lotsalalo ling'ambeni. Anthu amayenda m'midzi kugula matumba opanda kanthu a mbewu, ndipo si kuti akufuna kusungiramo nyemba ayi, akukapakiramo chimanga chopaka utoto kuti akagulitse kwa mnzanu. Mbewu yoyezera pa kapu kuchokera m'thumba lotsegula kale, imeneyo musayerekeze n'komwe.

Feteleza nayenso ali ndi zake. Thumba la makilo 50 liikidwe pa sikelo inu mukuona. Yang'anani msoko wa pakamwa ngati sunasokedwe kawiri, ndipo pisani dzanja mpaka pansi mukatsegula, chifukwa ena amaika weniweni pamwamba, pansi mchenga. Urea ndi wosavuta kumuyesa: tapani pang'ono muthire m'kapu ya madzi, weniweni amasungunuka yense, mchenga umatsala pansi. Ndipo uja amabwera usiku pa njinga akunong'ona kuti ndi wa FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo zaulimi, wotsika mtengo, mukamugula n'kupeza kuti ndi dothi simungapite n'komwe kupolisi, poti inunso mwagula chosaloledwa. Iwo amadziwa zimenezo.

Ikafika nthawi yokolola, ogula oyendayenda aja timawatcha a briefcase amafika m'midzi msika wa FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, usanatsegulidwe. Sindikunena kuti onse ndi akuba. Ambiri amalipira pompopompo, ndipo munthu amene mwana wake akudwala sangadikire. Koma sikelo ya m'manja mwa wogula, yomwe mwini mbewu sanaiyese, ndi pamene thukuta la anthu a kuno kummawa limathera. Sikelo yopachika pamtengo ija ena amaisokoneza m'kati kuti izisonyeza zochepa. Meda ndi ndowa zoyezera amazikulitsa, kuzimenya pansi kapena kuzifewetsa ndi madzi otentha kuti zifutukuke. Pamwamba pa izo akuchotserani kilo ya thumba, kilo ya chinyezi, kilo ya zinyalala, mtedza wanu uli wouma gwa ndiponso wopetedwa.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Sikelo ikamadya makilo 3 pa thumba lililonse, mlimi wa matumba 40 wataya makilo 120, kupitirira matumba awiri. Pa mtengo umene FRA inalengeza mu 2025, K340 pa thumba la chimanga la makilo 50, imeneyo ndi K816 yopita mwakachetechete, mwini wake akuthokoza ndi manja awiri. Ndiye ganizani mudzi wonse, kenako soya ndi mpendadzuwa.

Sikelo yochitira malonda iyenera kuyesedwa ndi a Zambia Metrology Agency, ndipo akaiyesa amamatapo chizindikiro chawo. Funsani kuti muchione. Koma kumudzi musadalire chizindikiro chokha. Tengani paketi ya shuga ya makilo 2 yosatsegula, kapena chigubu cha malita 20 chodzaza madzi mpaka pa mzere wake. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, choncho chigubucho chisonyeze makilo 20 ndi kakulemera pang'ono ka chigubu chenichenicho. Chipachikeni pa sikelo yake anthu onse akuona, thumba loyamba lisanakwere. Wogula wachilungamo sakana zimenezi. Amene wayamba kukalipa kuti mukumutayitsa nthawi, mwamudziwa kale. Ndimalakalaka kopaletivu iliyonse ikanakhala ndi sikelo yakeyake, ndipo amfumu akanalamula kuti wogula aliyense ayambe waonekera kwa iwo asanapachike sikelo pamudzi. Za kupereka katundu pa ngongole kwa mlendo amene akuti ndalama abweretsa Lachisanu akagulitsa ku Lusaka, ngakhale atavala bwino chotani, ngakhale atatchula dzina la m'busa wanu, matumba asakwere galimoto ndalama isanalowe m'manja.

Za mu tauni ndingodutsamo mwachangu. Mafoni, mabatire ndi masola a gong'a adzaza. Yesani chinthu muli m'sitolo momwemo ndipo musatuluke opanda lisiti yolembedwa dzina la sitolo ndi tsiku. Chikwangwani chija amapachika chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa chisakuopseni: lamulo loteteza ogula la 2010 limaletsa kupachika mawu otere, ndipo a CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, amalandira madandaulo pa nambala yaulere ya 5678. Pa zakudya ndi mankhwala onani tsiku lothera ntchito, ndipo ngati lafufutidwa kapena amatapo kapepala kena, bwezani pa shelefu. Opita ku Mchinji, osintha ndalama a pamsewu ku Mwami ali ndi zala zofulumira. Ndalama imene mwawerenga ikabwerera m'manja mwawo ngakhale kamphindi, iwerengeninso. Ndalama zatsopano zimene zinatuluka mu 2025, makamaka K200 ndi K500, zizoloweleni bwino maonekedwe ake, ndipo musalandire zambiri kukada.

Achinyamata athu akudyeredwa pa ntchito. Chiyambire pamene boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, nthawi iliyonse ikamveka mbiri yolemba anthu ntchito pamatuluka anthu odzitcha kuti ali ndi wawo ku likulu amene angalowetse dzina pa mndandanda. Makolo amagulitsa ng'ombe. Ntchito ya boma sigulidwa, ndipo amene wapereka ndalama yotere amakhala chete poopa kuti nayenso walakwa. Chimodzimodzi timagulu ta pa WhatsApp tolonjeza kuti K500 yanu ibala K2,000 pa sabata. Oyamba amalandiradi, koma amalandira ndalama za amene alowa pambuyo pawo, ndipo ndi iwowo amene amakakopa abale awo ndi mtima wabwino. Olowa akachepa, gulu limatsekedwa usiku umodzi. Chilimba chathu n'chosiyana: mumadziwana nkhope ndi makomo, ndipo aliyense amatenga zimene anasonkha, palibe ndalama yobereka yokha. A Bank of Zambia akhala akuchenjeza za magulu otere kambirimbiri. Funso langa kwa wokuitanani ndi limodzi: phindulo likuchokera pa malonda anji?

Chimene chimawanenepetsa anthu amenewa ndi manyazi athu. Munthu akaberedwa amabwera pa buti n'kundinong'oneza kuti ndisauze aliyense, ngakhale akunyumba kwake. Sabata yotsatira nambala yomweyo yabera neba wake wa khomo loyandikana. Amene anaberedwa si wopusa. Ndaona aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a mpingo akugwa m'dzenje lomweli, chifukwa anawapeza pa tsiku la mavuto. Tisawaseke. Nenani kutchalitchi pa nthawi ya zolengeza, nenani pa mjigo, pa msonkhano wa kopaletivu, imbani pa Breeze FM kapena Radio Maria pa mapulogalamu oimba foni, kuti wa ku Vubwi ndi wa ku Chipangali amve msanga.

Ngati ndalama yapita kale, musayambe ndi kulira kapena kuimbira wakubayo kumuchonderera. Imbani nthawi yomweyo ku kampani ya foni yanu, muwapatse nambala imene mwatumizako ndi nambala ya uthenga wotsimikiza, chifukwa ngati sanaitape pamakhala mwayi woti aigwire. Musafufute uthenga uliwonse. Ngati munatchula PIN, isintheni pomwepo. Nambala ya wakubayo ineneni kwa a ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, podina *707#, kenako pitani kupolisi ndi foniyo. Amene simudziwa kudina zimenezi, pitani pa buti imene mumaikhulupirira kapena kwa mwana wasukulu wa pakhomo panu akuthandizeni tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.